Kodi kuunikana kwa pa Wikipedia kungatiuze zoona za nkhondo ya ku Kokoda?

Kuyambira pa 26 mpaka pa 31 Ogasiti 1942, asilikali a Australia ndi a Japan anamenyana pa mudzi wa Isurava, m'mapiri a Owen Stanley ku Papua. Kumeneko ndi kunkhalango yowirira, kwa mvula yosaleka ndi matope ofika m'mawondo, moti msilikali ankatha kuwomberedwa ndi munthu amene sanamuone n'komwe. Podutsa mapiriwo panali kanjira ka miyendo ka makilomita 96, kochokera ku Kokoda kulowera cha ku Port Moresby. Nkhondo ya m'malo otere imasiya mboni zambiri zimene zinamva kulira kwa mfuti ndi kunyamula anzawo ovulala, koma pafupifupi palibe amene anaiona yonse. Masiku ano wophunzira akafuna kudziwa za Isurava amayambira pa Wikipedia, pamene pali nkhani ya ndawala yonse ya Kokoda komanso nkhani zapadera za nkhondo za pa Isurava, Brigade Hill, Ioribaiwa ndi Oivi-Gorari. Nkhanizi zimalembedwa ndi anthu odzipereka, osalandira malipiro, ndipo amene amaziunika ndi anzawo odzipereka omwewo. Pali anthu amene amati kuunikana kumeneku ndi mwambo chabe wongopatsana ulemu. Ena amati ndiko kumachititsa kuti nkhani yotere ikhulupirike. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, koma mfundo za otsutsa n'zolemera, ndipo imodzi mwa izo siingayankhidwe popanda kusintha kaunikidwe komweko.

Pa Wikipedia ya Chingerezi kuunikana kuli ndi makwerero. Wolemba akaona kuti nkhani yake yakhwima amaipereka kwa anzake kuti amuonetse pamene pakuperewera, ndipo pa sitepe imeneyi sipaperekedwa chizindikiro chilichonse. Kenako pali mlingo wa Good Article, umene umaperekedwa ndi wounika mmodzi yemwe sanalembe nawo nkhaniyo. Gulu la olemba mbiri ya nkhondo, WikiProject Military history, lili ndi mlingo wakewake wa A-Class, umene umafuna anthu atatu ovomereza, kuwonjezera pa kuunika magwero ndi zithunzi. Pamwamba pa zonse pali Featured Article, ya kanyenyezi pakona ya tsamba, ndipo mwa nkhani 1,000 zilizonse ndi imodzi yokha, mongoyerekeza, imene imafika pamenepo. Ntchito yake ndi yosamalitsa. Wounika amatenga chiganizo chonena kuti Bruce Kingsbury anaphedwa pa 29 Ogasiti ndipo anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, n'kutsegula buku lotchulidwalo, pa tsamba lotchulidwalo, kuti aone ngati zilimodi. Amafunsa chifukwa chake chiwerengero cha akufa chimene chili m'kabokosi ka kumanja chikusiyana ndi chimene chili m'ndime yomaliza. Amakana mawu okometsera chipambano m'kabokosiko, chifukwa malangizo a gululo salola kulemba kuti chipambano chinali chachikulu kapena chaching'ono. Ngati olemba mbiri akusiyana maganizo, wowerenga amatumizidwa ku ndime imene ikufotokoza kusiyanako. Pa Isurava zimenezi n'zofunika, popeza a Japan analanda malowo pamene a Australia amati kubwerera kwawo kunachedwetsa mdani.

Otsutsa amayamba ndi funso lakuti ounikawa ndi ndani. Ambiri sadziwika ndi maina awo enieni, palibe amene amawafunsa satifiketi, ndipo n'kutheka kuti munthu amene akuvomereza nkhani ya Kokoda sanawerengepo chikalata chimodzi cha m'Chijapani. Umboni wawo waukulu ndi nkhani ya Bicholim conflict, yofotokoza nkhondo imene ankati inachitika cha ku Goa mu 1640 ndi 1641 pakati pa Apwitikizi ndi a Maratha. Inalembedwa mu 2007, inalandira chizindikiro cha Good Article, ndipo inakhala pa Wikipedia zaka zisanu mpaka mu Disembala 2012, pamene munthu wina anafufuza mabuku otchulidwamo n'kupeza kuti kulibe. Nkhondoyo siinachitikepo. Ngati nkhondo yopeka ingadutse pa wounika, amatero otsutsa, nanga bodza laling'ono lobisika m'nkhondo yeniyeni lingalephere bwanji?

Mlandu wa Bicholim ndi wochititsa manyazi, ndipo sitiyenera kuuchepetsa. Komabe tikaona mmene bodzalo linadutsira ndi mmene linagwidwira, tikupeza kuti linadutsa chifukwa wounika sanatsegule mabuku, ndipo linagwidwa munthu atawafufuza. Cholakwika chinali kusatsata njirayo mpaka kumapeto, ndipo masiku ano kutsegula magwero angapo n'kuwayerekeza ndi zolembedwa ndi mbali yoyembekezeka ya kuunika. Njira ina imene otsutsa amaifuna, yoti akatswiri okha ndiwo aziunika, inayesedwa kale. Wikipedia isanayambe mu Januwale 2001 kunali Nupedia, imene nkhani iliyonse inkadutsa masitepe asanu ndi awiri m'manja mwa akatswiri. Pomwe inkatsekedwa mu 2003 inali ndi nkhani zomalizidwa zosakwana 30. Pulofesa wa mbiri ya nkhondo ya ku Pacific alibe nthawi younika nkhani ya kankhondo kalikonse ka m'mapiri a Owen Stanley. Palinso chinthu chimene wounika wa pa Wikipedia ali nacho chimene wa magazini ya akatswiri alibe: zonse zimene wafunsa ndi zimene wayankhidwa zimasungidwa poyera, aliyense angaziwerenge, ndipo chizindikiro chimene chinaperekedwa molakwika chingathe kulandidwa nkhaniyo ikaunikidwanso.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yovuta kuposa yoyamba, ndipo Isurava ndi chitsanzo chake chenicheni. Malamulo a Wikipedia amaletsa wolemba kuikamo kafukufuku wakewake. Chilichonse chiyenera kuchokera m'mabuku ndi m'zolemba zodalirika zimene zinasindikizidwa kale. Tsono ngati mabuku onse ali ndi cholakwa chimodzimodzi, kuunika kosamalitsa kumangolimbitsa cholakwacho. Kwa zaka zambiri mabuku otchuka a ku Australia ankanena kuti pa njira ya Kokoda asilikali awo ankamenyana ndi mdani wowaposa kuchuluka kangapo, ena mpaka kasanu ndi kamodzi. Nkhaniyi inali ndi mizu. Ndawala ili mkati, akuluakulu a asilikali Douglas MacArthur ndi Thomas Blamey, amene anali kutali ndi nkhalangoyo, ankanyoza asilikali obwerera m'mbuyo. Arnold Potts, mtsogoleri wa 21st Brigade, anachotsedwa paudindo, ndipo pa 9 Novembala 1942 ku Koitaki Blamey analankhula kwa asilikali a 21st Brigade mawu amene iwo anawamva ngati akuwanena kuti anathawa. Anthu onyozedwa chonchi, amene anakwirira anzawo m'matope, anali ndi chifukwa chomveka chokumbukira mdani wosawerengeka. Nduna yaikulu ya Australia Paul Keating atapsompsona nthaka ya ku Kokoda mu Epulo 1992, ndawalayi inasanduka nkhani ya ulemu wa dziko, ndipo mabuku anachuluka. Wounika wa mu 2006, atatsegula mabuku asanu n'kupeza kuti onse akugwirizana, akanavomereza ndi mtima woyera.

Zinasintha zolemba za ku Japan zitayamba kuwerengedwa. Dziko la Japan linasindikiza mbiri yake ya nkhondo, Senshi Sosho, m'mavoliyumu 102 pakati pa 1966 ndi 1980, koma mbali yokhudza Papua inafika m'Chingerezi mu 2007, Steven Bullard ataimasulira ku Australian War Memorial. Mu 2012 Peter Williams anatulutsa buku lakuti The Kokoda Campaign 1942: Myth and Reality, logwiritsa ntchito zolemba za magulu a asilikali a Japan. Iye anaonetsa kuti pa Isurava mbali ziwirizi zinali pafupifupi zofanana, iliyonse ndi asilikali opitirira pang'ono 2,000, komanso kuti chimene chinathandiza kwambiri a Japan ndi mizinga ya m'mapiri imene ankaimasula n'kuinyamula mzidutswa. Kubwerera kwa mkulu wa asilikali a Japan Horii Tomitaro kuchokera ku Ioribaiwa kumapeto kwa Sepitembala nakonso kumamveka bwino munthu akadziwa kuti akuluakulu ake anali atatembenukira ku Guadalcanal, kumene asilikali a America anafika pa 7 Ogasiti. Otsutsa akaona zimenezi amati chowongola mbiri chinali katswiri wokhala m'nyumba yosungiramo zolemba zakale, ndipo kuunikana kwa odzipereka sikunachitepo kanthu.

N'zoona kuti Wikipedia siinatulukire zimenezi, ndipo siinapangidwire kutulukira. Koma mlandu umenewu ukugwera olemba mabuku poyamba, amene anabwereza chiwerengero chimodzi kwa zaka makumi angapo, ali ndi osindikiza ndi akonzi olipidwa. Funso loyenera kufunsa insaikulopediya ndi lakuti umboni watsopano ukatuluka imachita nawo chiyani. Buku losindikizidwa mu 2004 lidakali pa shelefu ndi ziwerengero zake zakale, ndipo wolibwereka ku laibulale sangadziwe kuti zinatsutsidwa. Nkhani ya pa Wikipedia imatha kusinthidwa, ndipo lamulo lomwe lija, loti chilichonse chikhale ndi gwero lake, ndilo limapatsa mphamvu munthu wobwera ndi buku la Williams. Iye safunika kukhala wotchuka kapena kugonjetsa anzake pa kukonda dziko; amangoonetsa buku losindikizidwa ndi Cambridge University Press ndi tsamba lake. Pa nkhani yokhudza mtima wa dziko ngati ya Kokoda, tsamba lopanda lamuloli likanagwidwa ndi amene ali ambiri ndiponso aphokoso. Ounika abwino amachitanso chinthu china chothandiza: pamene olemba mbiri akutsutsana, amaumiriza kuti nkhani itchule kuti wakuti akunena izi ndipo wakuti akunena izo, kuti wowerenga aone kuti mkangano ulipo.

Pamene otsutsa amandigwira mtima kwambiri ndi pa anthu a ku Papua. Nkhondoyi inamenyedwa m'minda ndi m'midzi ya a Koiari ndi a Orokaiva. Asilikali a Papuan Infantry Battalion anali m'gulu la oyamba kuwombera a Japan atangofika kugombe la Buna ndi Gona pa 21 Julayi 1942. Chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamapewa a amtengatenga, ndipo ovulala ankanyamulidwa pa machira, kawirikawiri amuna asanu ndi atatu pa machira amodzi, kukwera ndi kutsika mapiri kwa masiku angapo. Mu Juni 1942 mkulu wa asilikali a Australia Basil Morris anapereka lamulo lololeza kulemba anthuwa ntchito mokakamiza kudzera ku ANGAU, nthambi ya asilikali imene inkalamulira dzikolo. Dokotala Geoffrey Vernon, amene ankawasamalira m'njiramo, analemba za katundu wolemera mopitirira muyeso, kuzizira kwa m'mapiri popanda zofunda zokwanira, njala ndi matenda. Ambiri anathawa. A Japan nawonso anabwera ndi amtengatenga ochokera ku Rabaul pamodzi ndi antchito a ku Korea ndi ku Taiwan. Asilikali a Australia amene anaphedwa pa njirayi amadziwika, ndi pafupifupi 625, ndipo ali ndi maina awo m'kaundula. Amtengatenga amene anafa alibe kaundula wathunthu. Chimene chinafala ndi chithunzi cha George Silk cha pa Khirisimasi ya 1942, choonetsa Raphael Oimbari akutsogolera msilikali wovulala George Whittington pafupi ndi Buna, pamodzi ndi ndakatulo ya Bert Beros yowatamanda ngati angelo. Chifundo cha anthu amenewa chinali chenicheni, koma chithunzi ndi ndakatulo sizinena za lamulo la Morris.

Kuunika kotsata mabuku kuli ngati bwalo la mfumu limene limamva mboni zokhazo zimene zafika pabwalopo: likhoza kufunsa mosamala, osakondera, koma amene sanaitanidwe samvedwa. Mbali ya Australia ili ndi mbiri ya boma yolembedwa ndi Dudley McCarthy mu 1959, madayale a magulu a asilikali, makalata, ndi kanema wa Damien Parer, Kokoda Front Line!, amene anapata mphoto ya Oscar mu 1943. Mbali ya Papua inasunga zambiri pakamwa. Kotero nkhani ingathe kudutsa masitepe onse, chiganizo chilichonse chili ndi gwero lake, koma n'kupereka ndime khumi kwa mabataliyoni ndi ndime imodzi kwa anthu amene popanda iwo mabataliyoniwo sakanayenda. Vuto lomweli limakhudza asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene anamenyana ndi a Japan m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 ali mu 11th East African Division, ndipo ambiri mwa amene analemba za iwo anali maofesala awo a ku Britain.

Ena amati mankhwala ake ndi kumasula lamulo, kuti umboni wapakamwa uzilowa mwachindunji. Zimenezi zinayesedwapo mu 2011, pamene Achal Prabhala anatsogolera ntchito yojambula mawu a anthu ku India ndi ku South Africa kuti akhale magwero a nkhani. Cholinga chake ndimachilemekeza, koma pa mbiri ya nkhondo sindikugwirizana ndi njirayi, ndipo chifukwa changa chikuchokera ku Isurava komweko. Nkhani ya mdani wochuluka kasanu ndi kamodzi inakula kuchokera m'zokumbukira za anthu oona mtima amene analipo. Chikumbukiro cha munthu amene anavutika n'chamtengo wapatali, koma chimafunika kuyerekezedwa ndi cha mnzake, ndi mapu, ndi zolemba za tsikulo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya wofufuza amene adzaika dzina lake pa zotsatira zake. Chitseko chimene chingatsegulidwe kuti mdzukulu wa mtengatenga wa ku Kagi alembe zimene agogo ake anamuuza chidzaloweranso adzukulu a asilikali, amene ndi ochuluka pa intaneti, ali ndi nthawi ndiponso amalemba Chingerezi ngati chinenero chawo. Mawu a ku Papua angamizidwe kuposa kale.

Komanso si zoona kuti mbali ya Papua ilibe chosindikizidwa. Neville Robinson analemba Villagers at War kuchokera m'zokambirana ndi anthu a m'midzi. Kanema wa mu 1982, Angels of War, wopangidwa ndi Andrew Pike, Hank Nelson ndi Gavan Daws, amene wofotokoza wake ndi John Waiko, katswiri wa mbiri wa ku Papua New Guinea, anajambula anthuwo akulankhula okha. Nelson analemba zambiri za amtengatenga komanso za anthu amene ANGAU inawanyonga ku Higaturu mu 1943 powaimba mlandu wothandiza a Japan ndi kupha. Zonsezi n'zovomerezeka pansi pa malamulo amene alipo kale. Chimene chimasowa ndi wounika wozifunsa. Mlingo wa Featured Article umafuna kuti nkhani isasiye mfundo yaikulu ndiponso kuti iimire bwino zolembedwa zonse za pa mutuwo, ndipo wounika amene watenga mawu amenewa mwamphamvu ali ndi ufulu wonse wokana nkhani ya Kokoda imene yadalira mabuku a mbali imodzi. Kawirikawiri satero chifukwa iye ndi wolembayo anakulira pa mabuku omwewo, ndipo mpata umene wolemba sanauone nayenso sauona. Mavoliyumu a mbiri ya boma la Australia amawerengedwa kwaulere pa intaneti, pamene kabuku ka kafukufuku kosindikizidwa kalekale makope ochepa kamafuna munthu wolimbikira kukafunafuna.

Zimene zimachitika ounika akamawerengera magwero m'malo mowayeza zinaonekera pa nkhani za asilikali a Germany a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhani zina zinali ndi zizindikiro za ubwino ngakhale zinkadalira mabuku otamanda asilikaliwo ndi kubisa nkhanza za gulu lawo la nkhondo. Mkanganowo unakula mpaka kufika ku komiti yoweruza milandu ya pa Wikipedia mu 2018, ndipo zina mwa nkhanizo zinalandidwa zizindikiro zitaunikidwanso. Otsutsa angautenge mlanduwu ngati umboni winanso wa kulephera, koma umaonetsanso kuti funso lakuti buku ili analemba ndani, ndipo analilembera ndani, lingathe kufunsidwa mkati mwa Wikipedia ndi kupambana, ngakhale mochedwa ndiponso movutikira.

N'chifukwa chake sindikuvomereza kuti kuunikanaku kuthetsedwe kapena kuperekedwa kwa akatswiri okha, komanso sindikuvomereza kuti kukhale mmene kulili. Pa nkhani ya nkhondo imene inamenyedwa m'dziko la anthu ena, kuunika magwero kuyenera kuyamba ndi kuwagawa malinga ndi kumene achokera, wounika asanayang'ane n'komwe ngati manambala a masamba alembedwa bwino. Ngati mwa mabuku makumi atatu otchulidwa mulibe limodzi lochokera m'zolemba za Japan kapena m'mawu a anthu a ku Papua, alembe zimenezo poyera, ndipo wolemba ayankhe. Nkhani ya Isurava kapena ya nkhondo ina ya pa njirayi, ya Eora Creek, isalandire chivomerezo chachitatu cha A-Class isananene kuti amtengatenga analembedwa ntchito pa lamulo liti, ankadya chiyani, chifukwa chiyani ambiri anathawa, ndiponso kuti chiwerengero cha amene anafa sichinasungidwe monga chinasungidwira cha asilikali amene iwo anawanyamula.